Ulusi Umene Unaseketsa Holo Yonse

Inu amene mumathawa ntchito mukangosekedwa kamodzi, tcherani khutu. Manyazi akwirira maluso ambiri kuposa umphawi.

Mtsikana wina wosoka zovala anajambula filimu ya anthu othawa dziko louma kupita ku nyenyezi. Chombo chawo anachipanga yekha ndi zitini, n'kuchipachika pa ulusi wakuda wa pamakina ake. Tsiku loionetsa, chombo chitangotulukira, bambo wina wadazi anakuwa:

"Taonani ulusi! Akupita kumwamba pa ulusi!"

Holo yonse inafa nako kuseka. Kuyambira pamenepo anthu ankangomutchula kuti Naulusi.

Kamera inali ya alamu ake, ojambula maukwati, ndipo sanamubisire mawu.

"Mlamu, mwandiyalutsa. Akwati akundifunsa ngati nawonso ndiwapachika pa ulusi. Mukasekedwanso, kamera yanga musadzaikhudzenso."

Popanda kamerayo, maloto ake akanathera pomwepo. Anayesa ulusi wopyapyala. Anaupaka mwaye, anachepetsa kuwala kwa nyale, koma ulusi unkanyezimirabe.

Masana ena akuonetsa mayi ake zimene anajambula, anaona maso awo akuthamangira pamwamba pa chombo.

"Amayi, mukufunafuna chiyani pamwambapo?"

"Ulusi wako uja. Cholendewera chilichonse amachimangira kumwamba, mwanawe."

Naulusi anapachika chombo chozondoka, n'kuzondotsanso kamera. Pa chithunzi, chombo chinaima bwinobwino, ndipo ulusi unapezeka kunsi, mu utsi wa chombocho, kumene diso silifufuza.

"Kamera yanga mwaizondotsa?" anakalipa alamu ake. "Ikagwa mundiona!"

Tsiku loonetsanso, holo inadzaza ndi anthu obwera kudzaseka. Wadazi uja anakhala kutsogolo penipeni. Alamu ake anaima pakhomo, chikwama cha kamera chili m'khwapa.

Chombo chinanyamuka. Makosi onse anasuzumira pamwamba pake. Wadazi anaimirira, nayandikira chinsalu choonetserapo filimu.

"Ulusi uja uli kuti?"

"Khalani pansi, achimwene, mukutitchinga!" anamukalipira mayi wina. "Tione ngati anthuwo afika!"

Palibe anaseka. Filimu itatha, alamu ake anabwera mwakachetechete n'kuika chikwama chija pamiyendo pake.

"Mawa ndilibe ukwati," anatero akuyang'ana kumbali. "Ndibwera kudzakugwirirani nyale."

Ndikuchenjezeni: okusekani sasowa, ndipo nthawi zina amaloza cholakwa chenicheni. Wopusa amakwiya n'kusiya ntchito. Wanzeru amayang'ana pamene chala chaloza, n'kukonza. Dzina la chipongwe lija, Naulusi amalilemba yekha kumayambiriro kwa mafilimu ake.

Inunso mwasekedwa? Pukutani nkhope, bwererani pa ntchito. Musataye mtima chifukwa cha kaulusi kamodzi.