Mlowam'malo Adikire Sadaka

Anandilanda mzere wa anthu amene anaima kumbuyo kwanga, kenako anandilanda milungu imene mbumba yathu inkandifuna kwambiri. Linali Lachinayi, mwezi wa Febuluwale, chaka cha njala chimene tinkadya nyika, timizu tija tofukula m'matope a ku nyanja ya Chiuta.

Tsikulo ku Ngokwe tinkasankha wapampando wa komiti yogawa chimanga cha thandizo. Sichinali chisankho cha zipani. Opikisana amaima kutsogolo, aliyense n'kukaima kumbuyo kwa amene wamukonda. Analipo awiri: mwini golosale wa pamsika, ndi a mjomba anga, achimwene awo a mayi, msodzi amene mabanja a kunyanja ankamudalira. A mjomba anamwalira ndi kolera Lolemba la mlungu womwewo.

Lamulo tonse tinalimva pa msonkhano woyamba. Wopikisana akamwalira kapena akachotsedwa, anthu amene anamutchula dzina asankhe mlowam'malo wake voti isanayambe. Asodzi anasankha ine. Sukulu ndinalekeza Fomu 2, koma maso ndili nawo ndipo pakamwa sindisunga mawu.

Woyendetsa chisankho, bambo wa jekete wochokera kuboma, anandifunsa kuti malemuwo anali ndani wanga.

"Ndine mwana wa mlongo wawo."

"Eya, mlowam'malo weniweni," anatero, n'kutembenukira akuluakulu. "Nanga kwanu kuno mlowam'malo mumamuika sadaka ya masiku makumi anayi isanachitike?"

"Iyayi," anayankha mkulu wina, maso ali pansi. Sananame, mwambo ndi womwewo.

"Ndiye ine ndisakuphwanyireni mwambo. Wopikisana watsala mmodzi."

"Bwana," ndinatero, "sindikulowa dzina la a mjomba, ndikungoima pamene akanaima iwo. Masiku onsewo ana adya chiyani?"

Ndinapita ndekha kukaima pamalopo. Mlongo wanga anabwera kumbuyo kwanga, kamtsikana kake kali kumsana, ndipo ena anatsatira mpaka mzere unakhota pa mjigo. Palibe anauwerenga. Apolisi awiri amene ankalonda matumba anandigwira lamba.

Pochotsa lambayo pa kauntala ya kupolisi, wamkulu wawo anaseka. "Ndiwe mzukwa uja? Wakufa wofunabe mavoti?"

Chitolokosi chinali cha anthu ochepa, koma tinalimo ambiri. Akuba chimanga chosakhwima, wina wakuba mbuzi, wina amene sankadziwa mlandu wake. Tinkagona chammbali, wina akafuna kutembenuka tonse tizitembenuka. Chidebe chodzithandizira chinali pakhomo, ndipo wobwera kumene amagona pafupi nacho.

Loweruka ananditulutsa kukandifunsa. Funso linali limodzi: wandituma ndi chipani chanji? Ndinati njala. Anandigoneka chafufumimba n'kufunsa mapazi anga ndi ndodo, makutu ndi makofi. Pobwerera m'chitolokosi anzanga anachita kundinyamula, ndipo khutu lamanzere silimva mpaka lero.

"Ingonena kuti sunaime pa chisankho, unangosokoneza," anandiuza wapolisi wina wachinyamata tsiku lina. "Upita kwanu lero lomwe, ase."

Sindinanene. Panthawiyo ndinkaganiza kuti ndikuteteza mzere uja.

Kumeneko chakudya chimachokera kwanu. Mayi anabwera kamodzi, wapansi, ndi mango osapsa owiritsa m'kambale. Apolisi anawauza alawe kaye, mwina muli mankhwala. Anangonyambita chala, kuopa kundichepetsera. Pa zenera anandiuza kuti chimanga chagawidwa kawiri, koma cha kunyanja chimathera pamsika. Ndinafunsa za mwana wa mlongo wanga.

"Alipo," anatero. "Wanenepa miyendo."

Tonse awiri tinkadziwa kunenepa kumeneko.

Kukhoti sananditengere. Lachisanu lina m'mawa, mwezi wa Malichi uli kumapeto, wamkulu uja anatsegula chitseko n'kuponya lamba wanga pansi.

"Tamva kuti sadaka ya a mjomba ako yachitika dzulo. Kalowe m'malo tsopano, mfumu."

Lambayo anazungulira m'chiuno n'kutsalako. Ndinayenda pang'onopang'ono, kupondera m'mbali mwa mapazi. Chimanga m'minda chinali chitayamba kukhwima, anthu akuwotcha mondokwa m'mbali mwa msewu, wina mpaka anandipatsa waulere. Ndinadya ndikulira ndi ukali, chifukwa chinabwera ngati palibe chachitika.

Kunyumba ndinapeza mlongo wanga atakhala pakhonde, nsalu yoberekera ili m'chiuno. Kumsana kunalibe mwana. Iye ndiye anayamba.

"Achimwene, mukanangowauza zimene amafunazo. Mukanabwera, mwina mukanapha tinsomba."



Madzulo ake akuluakulu anandikhazika pa mphasa n'kundipatsa dzina la a mjomba, mwambo wonse bwinobwino, palibe anatsutsa. Lero ndimakankha njinga ya kabaza ku Balaka, palibe amandigwira lamba, ndipo amati umenewu ndiye ufulu. Ufuluwo ndiuvomera. Koma mbumba imene anandipatsa kuti ndiyang'anire inali yoperewera mwana mmodzi, ndipo amene ali ndi ngongole imeneyo akugulitsabe sopo pamsika.