Kukasoketsa Chofunda cha Amayi ku Mualadzi

Ndinanyamuka ku Nsadzo Lachiwiri m'mawa, mame asanaume, nyengo ya chisanu chimanga chili kale m'nkhokwe. M'thumba langa munali makapulana awiri atsopano, nsalu zathu zomanga m'chiuno, ndi chofunda cha zigamba chimene malemu amayi anga anachisiya asanamalize kusoka. Chofundacho chinali chong'ambika, ndipo wong'ambayo ndinali ine. Kunatsala milungu itatu kuti mwana wanga Luiza akwatiwe n'kusamukira ku Tete, ndipo ndinali nditamulonjeza pamaso pa abale kuti adzanyamula chofunda cha agogo ake.

Amayi anayamba kuchisoka kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia, ine ndili kamtsikana. Muli kachidutswa ka malaya a abambo, muli diresi langa loyamba, muli nsalu zimene anathawa nazo. Tsiku logawa zovala zawo, azakhali anandiponyera chofundacho n'kunena kuti, "Wogwira singano pano ndiwe." Ngodya imodzi inali yosatha. Ine ndi kunyada kwanga ndinagula kapulana wowala, n'kudula, n'kusokerera, mpaka ndinadzitamanda ndekha. Nditachapa n'kuyanika, nsalu za amayi zinang'ambika motsatira msoko wanga wonse. Paja amati safunsa anadya phula. Ndinalira, kenako ndinachibisa pansi pa mphasa kuti Luiza asaone.

Aliyense wogwira singano kwathu amadziwa dzina la aNambewe a ku Mualadzi. Zofunda zawo zimafika ku Tete, zina zimaoloka malire. Zaka zambiri ndinkalakalaka kukakhala pambali pawo n'kuona mmene zala zawo zimayendera, koma ndinkangoti chaka chamawa. Ulendo uno mawa linali litatha.

Njinga yamoto ya a Zakariya, aneba athu, imene kwathu timati mota, inanditengera kumsewu wa phula pa mametikali zana limodzi ndi makumi asanu. Ndinavala zanga zakutchalitchi, koma pamwamba ndinakulunga nsalu yanga yakumunda, yofwifwa ija ya maluwa obiriwira, kuti fumbi ligwere pamenepo.

"Mayi a Luiza, mwakumbatira thumba ngati muli mwana," anatero a Zakariya. "Muli chiyani?"

"Muli nsanza."

"Nsanza kukwera mota? Koma chaka chino nsanza zalemera."

Cha m'ma naini ndinakwera chapa, minibasi ya ku Cassacatiza, mametikali zana. Anandipanikiza pakati pa thumba la nyemba ndi bambo wina wonyamula nkhuku ziwiri, ndipo kutentha kwa anthu kunandigwetsera m'tulo. Pawindo minda yokololedwa inkadutsa, wina wotuwa ndi mapesi, wina wakuda ndi moto, wina wofiira, ndipo m'maso mwanga olemerawo inkaoneka yolumikizidwa ndi ulusi. Ndinalota amayi atakhala pa thumba la nyembalo, akunyowetsa ulusi pamilomo. Anandipatsa singano kuti ndiwalowetsere, monga ankachitira maso awo atayamba kufooka. Ndinayesa kangapo, koma bowo la singano linkathawa. Wotolera ndalama ndiye anandidzutsa pomenya chitseko.

Ku Cassacatiza makamiyau, magalimoto akuluakulu a katundu, anali ndondondo kudikira kuoloka malire, madalaivala atagona pamthunzi wa matayala. Ndinagula pau, buledi uja, ndi tiyi, n'kukhala pafupi ndi mayi wina wogulitsa nthochi. Nditatchula dzina la aNambewe anaseka.

"Mukupita kwa amene aja? Musakawatamande, amadana nazo. Mlamu wanga anawauza kuti manja awo ndi odalitsika, iwo anamupatsa tsache."

Anandilozera njira, n'kundiwonjezera nthochi imodzi ya ulere. Anandipezeranso galimoto ya matumba a chimanga imene inanditsitsa pamphambano dzuwa litapendeka. Kuchokera pamenepo ndinayenda wapansi. Kunali zii, kupatula njiwa ndi belu la njinga kutali. Utsi wa kumene amatentha tchire unali lende pamwamba pa mitengo, ndipo ndinkayenda ngati tulo ta m'chapa tija sitinathe. Nditaona madenga, ndinaima pansi pa mtengo wa masuku, n'kuvula nsalu yakumunda ija, kuikutumula, n'kuikankhira pansi penipeni pa thumba. Sindikanafika kwa munthu wotchuka nditavala chinsanza.

Nyumba sindinafunse. Pachingwe panali zofunda zitatu zikugwedezeka ndi mphepo, ndipo ndinaima pamenepo nthawi yaitali pakamwa pali yasa. ANambewe ndinkawaganizira kuti ndi mayi wamkulu thupi, wa mawu ofatsa. Ndinapeza kamunthu kakafupi, kouma, kali pamwamba pa makwerero kakukonza denga la nkhokwe.

"Odi kuno!"

"Ngati ndi chofunda cha ukwati, bwerani mvula ikagwa. Ndadzaza."

Ndinagwada n'kutulutsa chofunda. Anatsika pang'onopang'ono, n'kusamba m'manja asanachikhudze. Anachiyala pamphasa, n'kuchitembenuza kuti aone kumbuyo, ndipo chala chawo chinayenda pamsoko n'kuima.

"Mfundo iyi ndi ya Esitere," anatero. "Amamanga kawiri, ngati akuopa kuti ulusi uthawa. Ndiwe mwana wa Esitere iwe?"

Ndinavomera ndi mutu. Sindinkadziwa kuti amayi ndi aNambewe anaphunzira kusoka pamphasa imodzi kumsasa kuja, akubwerekana singano imodzi. Anandifunsa kuti anamwalira liti, ndinawauza, ndipo anayamba kusisita kachidutswa kena kachikasu. Kenako anafika pangodya yanga.

"Nanga apa anapalamula ndani?"

"Ndine, mayi."

"Msoko wako ndi wabwino, nzeru ndiye zinali kumunda. Nsalu yatsopano ikalawa madzi imakhwinyata, ndipo ili ndi mphamvu. Izi za amayi ako zatopa. Ukazimanga pamodzi, yamphamvuyo imakoka, yotopayo imang'ambika."

Mwachangu ndinatulutsa makapulana awiri aja, n'kunena kuti tikhoza kuyamba tawachapa. Anawagwira ndi zala ziwiri n'kupukusa mutu.

"Ngakhale uwachape kasanu. Pamafunika nsalu imene yapsa ndi dzuwa, yamwa thukuta, yafewa ngati zinzake."

Mtima wanga unagwa. Nsalu ya kufewa kotero ikanatenga zaka, ine ndinali ndi milungu itatu. Ndinawapempha kuti andigaireko zidutswa zawo, koma anakana. Anati m'chofunda cha banja salowetsamo nsalu za eni ake, chifukwa wofundayo amafunika adziwe kuti chigamba chilichonse chinali cha yani. Atatero anakoka thumba langa osapempha, n'kulikhuthula pamphasa. Munagwa nthochi, mpango, kenako nsalu yakumunda ija. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu.

Anaitambasula n'kuiyang'anitsa kudzuwa. Anaipsinya m'dzanja, n'kuiika pambali pa malaya a abambo.

"Wayenda ulendo wonsewu kudzafuna chimene unavala m'chiuno?"

"Koma ndi yakumunda, mayi. Ili ndi popsa apa. Ndi ya ukwati imeneyi?"

"Ukuganiza kuti izi za Esitere zinali za kuphwando? Iyi ankasenzera nkhuni. Ndinalipo."

Anatenga lumo n'kumasula msoko wanga wonse, ulusi umodziumodzi, osadula nsalu ya amayi ngakhale pang'ono. Pong'ambika paja anayalapo nsonga ya nsalu yanga ija kunsi, n'kundionetsa kasokedwe kake: timisoko tating'ono, osakoka ulusi, kuusiya upume. Kenako anandipatsa lumo kuti nsalu yanga ndidule ndekha. Nsalu imeneyo inali itandiperekeza kumunda zaka zisanu ndi zitatu.

Ndinakhala kwawo masiku awiri. Tinkasoka pakhonde, tikudya mbatata yootcha ndi mtedza, iwo mbali iyi ine mbali iyo. Kuphunzitsa kwawo kunali kumenya chala changa ndi chawo ndikathamanga. Masana a tsiku lachiwiri, dzuwa likudutsa m'zofunda za pachingwe n'kutaya mitundu pansi, ndinawodzera singano ili m'manja, ndipo kwa kanthawi sindinadziwe ngati wopuma pambali pangayo anali aNambewe kapena amayi. Sindinafune kutsegula maso kuti ndidziwe. Mfundo yomaliza anandiuza kuti ndimange kawiri.

Potsazika ndinaiwala chenjezo lija n'kuyamba kuwatamanda. Anayang'ana kumene kunali tsache, ine ndinatseka pakamwa. Kapulana mmodzi ndinawasiyira. Winayo ndinakulunga m'chiuno pobwerera, ndipo fumbi la mota ya a Zakariya linamulandira bwino.

Ndinafika ku Nsadzo Lachisanu dzuwa likulowa. Luiza anayala chofundacho pabwalo, n'kuyenda ndi maso mpaka pangodya. Anaika chala pa kabowo kopsa kamene tinakasokerera.

"Amayi, iyi si nsalu yanu yakumunda? Apa ndinaotcha ndine ndi khala, tsiku lija munandikalipira."

"Ndi yomweyo. Ngati ikuchititsa manyazi kwa apongozi ako, upinde ngodyayo kumiyendo."

Ananyamula ngodyayo n'kuikanikiza pankhope, ndipo mapewa ake anayamba kugwedezeka.

Ndinkafuna kupatsa mwana wanga chinthu chogula, chowala, ndipo pang'ono ndikanawononga chimene amayi anandisiyira. Luiza anapita nacho ku Tete chofunda chija. Kapulana watsopanoyo tsopano ndimalimira, ndimasenzera nkhuni, ndimakhalira pansi, ndipo anzanga amandinena kuti ndikuwononga nsalu yabwino. Ndimangoseka. Mbali ina ya chofundacho tinasiya malo, ndipo Luiza akadzaifuna nsaluyi adzaipeza itafewa.