Mizere iwiri ya mapasipoti mu holo ya ku Wynberg

Che Hussen Pitilani anachoka kwawo ku Ntaja, m'boma la Machinga, mu 2009. Ku Cape Town anayamba ndi kutsuka magalimoto, kenaka kudulira maluwa m'nyumba za eni ake, mpaka anapeza ntchito yoyang'anira holo ina ku Wynberg, kuseri kwa depoti ya matekisi. M'holomo munkachitikira maukwati, mapemphero ndi maphwando. Iwo ankatsegula, kusesa, kuyala mipando ndi kutseka. Makiyi ankawamangirira palamba ndi chingwe cha nsapato.

Anali munthu wosachedwa pantchito, wosamwa, wosatola ngakhale kachidutswa ka sopo. Koma anali ndi chilonda chobisa. Chidindo cha m'pasipoti mwawo chinatha mphamvu kalekale, cha akazi awo a Faridah chimodzimodzi. Akanagwidwa, kunali kukwezedwa basi kubwerera kumudzi, ana awiri, Alima ndi mng'ono wake, n'kutsala okha m'chipinda cha lendi ku Mfuleni. N'chifukwa chake munthu aliyense wofunsa dzina ankamuyang'ana kawiri.

Mu Julayi 2016, mayi mwini holo anawauza kuti kukubwera anthu a makompyuta kudzachita msonkhano wa masiku atatu, ndipo a Faridah akhoza kudzawakazingira masamusa.

Tsiku loyamba Che Hussen anafika mvula ikuwaza, napeza anthuwo ali kale pakhomo. Panali azungu, amwenye, akuda a mayiko ena, onse atavala masikipa ofanana. Asanagwire mpando n'umodzi womwe, alendowo anayamba kuyala okha. Mzungu wina wandevu, wamtali ngati mlongoti, anawalanda tsache n'kuyamba kusesa. Che Hussen anaima pakona manja ali m'thumba. Zaka zisanu ndi ziwiri m'dziko lino, anali asanaonepo mlendo wolipira holo akusesa.

"Ankolo, muli bwanji? Ndamva mukulankhula Chichewa pafoni."

Anali mtsikana wa magalasi, atakolowekera nthambo zamagetsi paphewa. Anati dzina lake ndi Thoko, kwawo ndi ku Zomba, ndipo anabwera kuno kudzaphunzira.

"Tili bwino, kaya inu achemwali. Bwana wanu ndi uti pamenepa?"

"Tilibe bwana. Tonse tangodzipereka."

"Nanga wakulembani ntchito ndani?"

"Palibe. Timalemba mapulogalamu a pakompyuta, n'kuwaika poyera kuti aliyense atenge, agwiritse ntchito, akonze polakwika. Ulele."

"Mwana wa ku Zomba kudzanyamula nthambo za azungu ulele? Makolo anu akudziwa zimenezi?"

Thoko anaseka mpaka nthambo zinagwa. Kenaka anatenga cholembera, nati aliyense wa muno amavala kapepala ka dzina pachifuwa, nanga iwo awalembe kuti ndani?

"Lembani kuti Jonathan," anatero Che Hussen, kapepalako n'kukaponya m'thumba.

Masiku awiri anangoonerera. Munthu ankaimirira kutsogolo n'kuonetsa pakhoma timizere ta zilembo tosamveka, anzake n'kumamuuza pamaso pa gulu kuti walakwitsa apa ndi apo, iye n'kumathokoza. Ena ankasiya malaputopu pamipando kupita kukamwa tiyi. Che Hussen anaganiza kuti umenewu ndi msampha woyesa mlonda, ndipo sanayandikireko. Anauza a Faridah kukhitchini kuti nyambo ikakhala yonona chonchi, mbedza imakhala yaikulu.

"Inu mumakayikira ndi mthunzi wanu womwe," anayankha a Faridah. "Anthuwa amatsuka okha makapu. Asiyeni."

Tsiku lachitatu, atatha kudya chamasana, zinthu zinasintha. Mipando inakankhidwira kukhoma. Aliyense anapatsidwa mapepala odzaza mayina ndi manambala ataliatali. Kenaka anaima mizere iwiri moyang'anizana, ndipo onse anatulutsa mapasipoti ndi ziphaso. Munthu ankayang'ana chithunzi, kuyang'ana nkhope ya mnzake, kuchonga papepala, n'kusuntha phazi limodzi kupita kwa wotsatira. Phokoso lonse la masiku awiri linatha. Nkhope zinali zolimba ngati za pachipata cha dziko.

 Mzere wotere Che Hussen anauonapo kamodzi, pachipata cha Beitbridge polowa m'dziko lino.

Wandevu uja anawakodola, napempha kuti atseke chitseko chachikulu chifukwa oitanira matekisi ankasokosa panja. Anatseka. Potembenuka, mwenye wina wa kumapeto kwa mzere anawamwetulira n'kuwatambasulira pasipoti yake yotsegula, ngati akuti onetsani yanu. Thoko anali pakati pa mzere, maso ali papepala.

Che Hussen anayenda pang'onopang'ono mpaka kukhitchini.

"Mayi a Alima, zimitsani moto. Tengani chikwama."

"Masamusa ali m'mafuta."

"Asiyeni. Akuona mapasipoti, chitseko ndatseka ndine ndi manja angawa."

A Faridah sanafunsenso. Pakhomo la kuseri Che Hussen anaima. Kupita ndi makiyi a eni ake kunali ngati kuba. Anamasula chingwe chija, nawasiya pathebulo pafupi ndi mbale ya anyezi. Anazimitsa foni, nakwera matekisi awiri mpaka ku Mfuleni, ndipo masiku awiri sanatuluke m'nyumba.

Palibe anabwera kudzawagwira. Atayatsa foni anapeza uthenga wa mwini holo. Alendo aja anapeza makiyi, anakolopa, anatseka bwinobwino, nakawapereka okha kunyumba kwa mayiyo. Koma mayiyo anati mlonda wosiya makiyi m'manja mwa anthu osawadziwa sakumufunanso. Che Hussen sanadandaule nazo. Anati mayiyo wanena zoona.

Anayamba kulondera magalimoto mumsewu ku Sea Point, atavala kajekete kowala. Patapita milungu itatu, Thoko anawapeza kumeneko, atafunsira njira kwa amayi a ku Malawi oluka tsitsi ku Wynberg.

"Ankolo Jonathan! Kapena ndinene Che Hussen? Munatithawiranji?"

"Inu mundiuze. Anthu osesa ulele amafunanji ndi mapasipoti?"

Thoko anakhala pakhoma la m'mbali mwa msewu, nafotokoza. Anati iwo amagwirira ntchito limodzi zaka zambiri osaonana, wina ali ku Kenya, wina ku Germany. Munthu akatumiza zimene walemba, adziwa bwanji kuti ndi iyeyo, osati wakuba wobwereka dzina lake? Choncho akakumana amaonetsana nkhope ndi ziphaso, aliyense n'kuchitira mnzake umboni kuti ndamuona ndi maso anga. A boma munalibe m'menemo. Mwenye uja ankangocheza.

Che Hussen anagwedeza mutu. "Zimenezo n'zanzeru. Ngakhale ukwati sumangidwa popanda mboni. Nanga umboniwo mumausunga kuti?"

"Pa intaneti. Poyera."

"Aliyense akhoza kuona?"

"Aliyense. Zathu zonse n'zapoyera."

"Ndi a imigireshoni omwe?"

"Ankolo, iwo alibe nazo ntchito zimenezo."

"Sindinafunse ngati ali nazo ntchito. Ndafunsa ngati akhoza kuona."

Thoko anatulutsa envulopu. Anati gulu lonse linamva chisoni, ndipo lalemba kalata yopempha mwini holo kuti awabwezere ntchito. Anthu makumi anayi anasayina. Chotsala chinali dzina lawo lonse, monga lilili m'pasipoti.

Che Hussen anayang'ana kalatayo nthawi yaitali. Ntchito ya m'holo inali ya pansi pa denga, ndipo mphepo ya kunyanja inali itawalowa kale m'mawondo.

"Mwaikanso poyera imeneyi?"

"Tinalembera pamodzi pa intaneti, koma..."

"Basi, achemwali. Mukawathokoze anzanuwo, ndi anthu abwino. Koma munthu wabwino wosadziwa kutseka pakamwa amakugwiritsa msanga kuposa mdani. Dzina langa lisalowemo."

Anamubwezera envulopuyo ndi manja awiri. Kutsidya kwa msewu galimoto ina inali itayatsa nyali zobwerera m'mbuyo, ndipo Che Hussen anathamangira komweko akukupiza dzanja kuti aitsogolere potuluka.