Nyimbo imene Tadala anatola mufilimu

Lolemba mwana wa mlongo wanga, Tadala, anabwera kwathu ku Mitundu akumwetulira, foni ili m'manja. Ukwati wake ndi Loweruka likubwerali, ndipo nkhoswe ndine.

"Malume, tamverani nyimbo yolowera muholo. Yachizungu yeniyeni!"

Anaitola koyambirira kwa filimu ina, pamene mkwatibwi akutsika m'galimoto. Mavayolini akulira pang'onopang'ono, kenako kwaya ikubwera chapansipansi ngati mvula yochokera ku Dzalanyama. Kukoma ikukoma, sindikana. Koma mtima wanga unakayika.

"Ikunena chiyani?"

"Aa, malume, nyimbo zoterezi sizinena kanthu."

Sizinena kanthu? Chigulu chonsecho kutsegula pakamwa popanda chonena? Ine ayi.

Lachiwiri ndinakwera kabaza mpaka ku Nathenje kwa a Chimkono, mphunzitsi wopuma ntchito amene anaimbitsa kwaya kutchalitchi zaka zambiri. Anamvetsera atatsinzina, chala chikuyenda m'mwamba. Kenako anandiyang'ana.

"Pepani bambo, watisiya ndani?"

Inali Misa ya maliro, ya m'Chilatini, yopekedwa ku Ulaya kalekale. Mawu ake ndi olirira womwalira.

"Mukumva mmene mavayolini akudukizira? Ameneyo ndi munthu akusisima," anatero.

Tinaibwereza katatu. Amene anapeka nyimboyi maliro ankawadziwa.

Nditabwerera ndinaonera filimuyo mpaka kumapeto. Mkwati amafa! Wopanga filimu anatiuziratu pachiyambi pomwe kudzera m'nyimbo, koma munthu womasulira filimuyo m'Chichewa anali kalikiliki kukuwa pamwamba pake: "Taonani galimoto, anthu inu!"

Khalidwe lathu ndi limenelo. Wina atayambitsa nyimbo yathu yakumanda pachinkhoswe, tingamutulutse ndi ndodo. Koma ikabwera ndi vayolini timavula chipewa, osafunsa. N'chimodzimodzi malaya apakaunjika amene timapita nawo kutchalitchi osawerenga zolembedwa pachifuwa. Kodi chinthu chikachokera kunja ndiye kuti chilibe mwambo wake?

Tadala anakwiya nditamuuza.

"Ndani akadziwe zimenezo, malume?"

"Ndadziwa ine. Sindingakuperekeze kubanja ndi nyimbo yoperekezera bokosi."

Wavomera monyinyirika nyimbo ina yachisangalalo imene a Chimkono amusankhira, ya mavayolini omwewo. Komabe sindikumukhulupirira. Loweruka mpando wanga ukakhala pafupi ndi woika nyimbo, dzanja langa pafupi ndi waya.

Ya maliro ija ndaisunga mufoni mwanga. Ana anga ndawauza kale tsiku lodzaiika: tsiku la maliro anga.

Nanga inu, imene munalowera paukwati wanu ija, munafunsa kuti ikunena chiyani?