Jasi Loyera pa Bokosi la Achimwene

"Yotamu, tseka pakamwa! Pamaliro sipozengera milandu!"

Anandikalipira chonchi ndi achemwali anga, kusanache, tili pamoto kunja kwa nyumba ya malemu achimwene athu ku Rimuka. Ine ndinangofunsa kuti lole ya kampani ya kuntchito kwawo yabwera ndi nkhuni ndi ufa kudzagula chiyani.

Achimwene anga a Faisoni anakalambira pafakitale ya thonje ku Chegutu. Kapitawo atapuma ntchito, ndiwo ankayendetsa shifiti, koma udindo unapita kwa mlamu wake wa manijala, munthu amene iwo anamuphunzitsa kuyatsa makina. Anakadandaula ku komiti ya antchito. Mlandu usanamvedwe anadwala, n'kutisiya.

Kunacha ndi mphepo yozizira. Amayi a mvano mawu anali atasasa ndi nyimbo za usiku, ena akupakula sadza, nsima ya kuno. Makombi anatsitsa anthu a ku Eiffel Flats, achinyamata akutipepesa m'Chishona. Ine maso anali pa anthu a kampani. Kuchipatala sanapondeko, koma tsikuli ankapereka moni ndi manja awiri.

Kumanda manijala sanabwere, anatuma mlamu wake yemweyo. Analankhula zotsekemera, kenako anatulutsa jasi loyera latsopano n'kuliyala pabokosi. Pafakitalepo antchito wamba amavala ovolosi yabuluu, loyera ndi la kapitawo yekha. Anati kampani yafuna kuti malemu apite ndi ulemu wowayenera. Anthu anagwedeza mitu movomereza. Alamu anga, mkazi wa malemu, analira mokweza.

Ine sindinagwedeze mutu. Jasi limene anawamana ali moyo ankafuna tilikwirire tokha, pamodzi ndi mlandu, kuti mawa adzati nkhani inatha bwino.

Adzukulu atagwira zingwe, ndinalowa pakati pawo n'kuchotsa jasi lija pabokosi. Abusa pemphero linawathera m'kamwa. Achemwali anandikoka malaya.

"Achimwene, mukutani kodi?" anafunsa mlamu wa manijala uja.

"Ngati linali lawo, mukanene zimenezo pamaso pa komiti," ndinatero. "Kumanda kulibe shifiti."

Anayang'ana nsapato zake. Achimwene tinawaika opanda jasi.

Madzulo nyumba inali zii. Achemwali ankatsuka mapoto atandifulatira mpaka anakagona. Alamu anali pamphasa, atatsamira khoma. Anandifunsa chinthu chimodzi chokha, ngati mlandu wa munthu wakufa umamvedwa. Ndinawauza zoona, kuti sindikudziwa.

M'mawa mwake ndinakwera kombi ya ku Chegutu, jasi lili m'khwapa. Ndinaliyala patebulo la wapampando wa komiti, fumbi la kumanda ndisanalikutumule, n'kukoka mpando kukhala pansi.