Ndinatembenuka Mfuti Ili M'manja

Lachisanu, 16 Novembala 2007

Sabata yonseyi sindinalembe m'buku muno. Pali nkhani imene tikuidziwa anthu awiri okha, ine ndi adadi, ndipo munthu wachitatu amene sanalakwe ndiye akuvutika nayo. Ndilemba kuyambira pachiyambi, mwina ndikafika kumapeto ndidziwa chochita.

Ntchitoyi ndinaipeza mu Juni, pa zenera la kashopu kamene timagulako makhadi oimbira foni kumudzi. Panali kapepala kolemba pamanja kuti pakufunika wothandiza Loweruka lililonse ku kalabu ya masewero owombera, kuno ku Bolton, ku Ulaya. Kalabuyo ili m'chipinda chapansi pa fakitale yakale ya nsalu. Amene amaiyang'anira ndi a Dennis, mzungu wachikulire yemwe ankakonza makina m'fakitale momwemo isanatsekedwe.

"Umaopa mfuti?" anandifunsa tsiku loyamba.

Ndinavomera kuti ndimaopa.

"Wayamba ntchito. Osaopa sindimawafuna."

Kuno munthu wamba saloledwa kukhala ndi pisitolo ya zipolopolo zenizeni. A Dennis zawo anakazipereka kupolisi kalekale, ndipo akamazikumbukira amakhala ngati akukamba za abale amene anamwalira. Mfuti za ku kalabu ndi za mpweya, zimaponya tizipolopolo tamtovu tating'ono ngati njere za mapira. Nditanena kuti ndiye kuti ndi zidole, a Dennis anandibweretsera chitini cha nyemba chobooka mbali zonse ziwiri, nachiika m'manja mwanga.

Ntchito yanga inali kupachika mapepala a chandamale pa waya n'kuwapukusira kutsogolo mamita khumi, kupukuta magalasi oteteza maso, ndi kuphika tiyi. Anthu akaweruka ndinkavala magolovesi n'kukokolola mtovu wophwanyika m'mabokosi achitsulo amene ali kuseri kwa mapepala. Mabokosiwo ndi amene amagwira tizipolopolo kuti tisabwerere, ndipo anawawotcherera ndi a Dennis ndi manja awo. Malamulo anandiloweza ngati vesi la ku Sande sukulu. Kukamwa kwa mfuti kuloze ku chandamale nthawi zonse. Chala chisagwire kachitsulo kowombera kufikira utaloza. Ukatha, ika mfuti pa tebulo, kenako tembenuka.

Adadi anali ahedi a sukulu ya pulaimale ku Ntcheu. Tinabwera kuno chifukwa amami anapeza ntchito ya unesi, ndipo adadi anakalowa ku nyumba yosungirako okalamba, kumene amawasambitsa ndi kuwadyetsa. Sadandaula, koma chibwerereni analeka kuseka. Loweruka lina anabwera kudzanditenga, n'kuima pakhomo chipewa chili m'manja. A Dennis anawakakamiza kuti ayeseko. Kachipolopolo kachiwiri kanalowa pakuda, pakati pa chandamale, ndipo adadi anaseka mpaka kugwira tebulo. Ine ndinali nditaiwala kuti amaseka motero.

Kuyambira pamenepo sankajomba. A Dennis atamva za ntchito yawo yakale anayamba kuwaitana kuti "Ahedi", ndipo amuna onse a ku kalabu anatengera. Amami ndiwo ankawaseka.

"Bambo a Takondwa, ulendo wonse uja wa pandege munabwerera kudzaboola mapepala? Bola mukanamabwerako ndi njiwa."

"Mayi, mapepala ndinkawachonga ndi cholembera chofiira zaka makumi awiri. Tsopano ndikuwabwezera."

Mwezi uno anagula pisitolo yawoyawo, yatsopano. Ine sindinakwane zaka zogulira, koma anati ndi yathu tonse awiri. Loweruka lapitali ndi pamene tinakaitsegula ku kalabu. Tinalawirira, moti tinalipo atatu okha ndi a Dennis. Inali yakuda bii, yozizira, yolemera kuposa mmene imaonekera, ndipo m'bokosi munkanunkhira mafuta a makina. A Dennis anationetsa kulowetsa kabotolo ka gasi m'chogwirira ndi kumanga sikuluwu mpaka gasi atalira kuti tsii. Kenako anatulutsa kagudumu ka mabowo asanu ndi atatu, momwe mumalowa tizipolopolo.

"Mvetsani apa nonse awiri," anatero. "Za kalabu zija ukawomba kamodzi zatha, mpaka uikemo kena. Iyi ayi. Ukawomba, kena kakhala kale pakhomo."

Tonse tinagwedeza mutu. Ndinamva ndithu, sindinganame.

Anayamba ndi adadi. Mfutiyo siinkakankha dzanja ngati za m'mafilimu, inkangogwedezeka pang'ono n'kulira kuti pha, pha, pha, mofulumira mmene chala chafunira. Tizipolopolo tonse tinaunjikana kumanzere kwa chandamale. A Dennis anapotoza kolozera ka pamwamba ndi kasikuludiraiva, adadi anawombanso, ndipo ulendo uno tizipolopolo tinasendera pakati. Adadi anaisisita mfutiyo ndi chala chachikulu n'kunena kuti chibwerereni ku Ulaya aka n'koyamba kugula chinthu chosafunikira m'nyumba.

Itafika nthawi yanga, foni inalira ku ofesi, pamwamba pa masitepe. A Dennis anazengereza, kenako anati, "Ahedi, muyang'anire kalasi," n'kukwera.

Ndinaima mmene anandiphunzitsira, miyendo motalikirana, mpweya theka m'chifuwa. Koyamba kanapita m'mwamba, kachiwiri m'mphepete. Adadi anali kumbuyo kwanga chakumanja, akusuzumira pa kachipangizo koonera patali, ndipo kuti aone bwino anali atakwezera magalasi awo oteteza maso pamphumi. Kachitatu ndinamva m'dzanja momwe kuti kapita bwino.

"Takondwa!"

Anandiitana ndi mawu awo a pa mzere wa m'mawa kusukulu. Anafuna kundiuza kuti ndalasa pakatikati.

Kwathu mwana sayankha mkulu atamufulatira, ndiponso samucheukira ndi khosi lokha. Umatembenuka thupi lonse, n'kupinda maondo, manja pamodzi kutsogolo. Ndazichita kuyambira ndisanadziwe kuwerenga, ndipo pa chimenechi amayi a kutchalitchi amandiyamikira kuti mwana uyu Ulaya sanamuwononge. Sindinaganize chilichonse. Ndinati "Wawa," ndinatembenuka, manja anakumana, chala chinali chikadali m'kati.

Inalira kamodzi.

Adadi sanakuwe. Anakhala pansi pang'onopang'ono, dzanja lili pa diso lakumanja, magazi akutuluka pakati pa zala.

"Ika pansi. Ika pansi kaye, mwanawe."

Ndinaiika pa tebulo. Tinamva a Dennis akutsika masitepe mothamanga, ndipo adadi anandigwira siketi ndi dzanja linalo n'kulankhula m'Chichewa mofulumira.

"Ndimawomba ndine. Kagunda chitsulo n'kubwerera. Wamva? Iwe unali uko ukupukuta magalasi."

Adadi anawauza zomwezo a Dennis, a mu ambulansi, ndi amami amene anatipeza kuchipatala ali mu yunifomu. Wapolisi wamkazi atabwera Lamlungu kudzalemba, anamuuzanso zomwezo, mofatsa, m'Chingelezi chawo cha uhedi. Ine anangondifunsa ngati ndinaona, ndipo ndinapukusa mutu.

Lero m'mawa tinapita kukachotsa bandeji. Adokotala anatseka diso lamanzere la adadi n'kuimika zala patsogolo pawo. Adadi anati akuona kuwala kokha, ngati zenera la bafa. Adokotala anati tisayembekezere zambiri kuposa pamenepo. M'basi pobwerera amami analira mwakachetechete atayang'ana kunja, ndipo adadi ankawauza kuti Mulungu anadziwa popereka maso awiri.

Masana kunabwera a Dennis atanyamula mphesa m'kapepala. Sabata imodzi yokha, koma jekete lawakulira. Anakana kukhala pa sofa mpaka amami atawakakamiza. Anati kalabu aitseka. Anati mabokosi onse achitsulo awamasula, ndipo masiku atatu akhala akuwombera bokosi la pa malo athu paja, kuchokera mbali iyi ndi iyo, kuti aone mmene kachipolopolo kangabwererere mpaka kumene kunali adadi.

"Sikakubwerera, Ahedi. Ndiye kuti pali chimene maso angawa sakuonanso. Munthu wotero sayenera kusunga makiyi."

Anati komiti ya kalabu ikumana Lamlungu, ndipo akawauza kuti cholakwa ndi chawo, n'kutula pansi udindo. Akhala pamalo paja zaka zambiri kuposa zimene ine ndakhala ndi moyo, ndipo akazi awo anamwalira. Tsiku lina ndinawafunsa kuti Khirisimasi amakadyera kuti, iwo anati amabwera kudzapaka penti ku kalabu.

Ndinawapatsa tiyi nditagwada. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Pepa, mwana wanga, kuti unaona zoterezi pa ntchito yako yoyamba."

Atapita, amami anakagona chifukwa alowa ntchito madzulo. Adadi anakhala pa tebulo la kukhitchini, ine ndikuwathira mankhwala m'diso.

"Dadi, a Dennis sanalakwe."

"Ndikudziwa."

"Ndiye tingowasiya?"

"Iwe ukufuna kukaphunzira za mankhwala. Dzina lako likalowa m'buku la apolisi pa nkhani ya mfuti, ukuganiza kuti akakulandira ndani? Mapepala athu okhalira kuno akaonedwanso chaka chamawa. Mzungu uja kwawo n'kuno, sangamuthamangitse. Diso lapita kale, Takondwa. Nditayenso ndi mwana?"

Ndinatseka kabotolo ka mankhwala. Sindinayambe ndawatsutsapo adadi chibadwire, moti mawu anatuluka aang'ono.

"Ku Ntcheu, mwana akaswa zenera mnzake n'kukwapulidwa m'malo mwake, inu munkatani?"

"Usandizenge mlandu m'nyumba mwanga."

Kenako anati wolakwa ndi iwo, chifukwa munthu wamkulu saitana mwana amene wanyamula mfuti, komanso magalasi anakweza okha. Ndinati zimenezonso tikhoza kukanena, popeza n'zoona. Anadzuka kupita kuchipinda, ndipo pakhomo anagunda phewa pa felemu chifukwa mbali imeneyo sakuionanso.

Sindikudziwa ngati apolisi angandilembe, kapena ngati ngozi amaiwerengera ngati mlandu. Sindikudziwa ngati ndidzagwirenso pisitolo ija, imene ili m'kabati yachitsulo ku kalabu, yowombedwa tsiku limodzi lokha. Chimene ndatola pa ntchito imeneyi n'chakuti lamulo ukhoza kuliloweza pakamwa, thupi n'kumatsata lina limene linaphunzira kale. Chinthu choopsa chikakhala m'manja, uyambe wachiika pansi, ngakhale akukuitana ndi bambo ako okubala. Ulemu ukhoza kudikira pang'ono.

Mawa amami akaweruka m'mawa ndiwauza ndisanawapatse ndi tiyi yemwe. Kenako ndikwera basi ya naini kupita kwa a Dennis, komiti isanakumane. Ndinapita kukawauza adadi zimenezi nditaima pakhomo la chipinda chawo, kuti asadzati ndinachita mobisa. Anali atagona chagada, nsalu yonyowa ili pamphumi. Ndinadikira kuti andikalipire.

"Basi ya naini imadzaza," anatero osandiyang'ana. "Tikwere ya hafu eyiti. Undisitire shati yoyera ija."