Migolo ya mayi Nankhoma

Mayi Velina Nankhoma a ku Kabudula anatha msana ndi kupalira. Amuna awo atamwalira, khasu linatsala m'manja mwa iwo okha. Koma ankaona kuti pansi pa mitengo ya bulugama, kumalire kwa munda wawo, chisoso sichimera kwenikweni. Anayamba kusinja masamba a mitengoyo n'kuwaviika m'migolo iwiri, madzi ake n'kumathira pa udzu wongomera kumene. Chaka choyamba anawotcha ndi mtedza wawo womwe. Chaka chachitatu, atapeza muyeso, mizere ina inayera ndithu.

Chaka chomwecho udzu wa kaufiti unawononga chimanga cha alamu awo, a Filipo, oyandikana nawo munda.

"Alamu, kodi udzu wanu wapita kuti? Mwauthamangitsira kwa ine ndi mankhwala anuwa, eti?" anatero a Filipo pamaso pa anthu, kenako anagubuduza migolo ija.

Akulu a mpingo anawaitana mayiwo n'kuwauza kuti asiye zoviikaviika. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti m'migolomo munali chiyani.

Lero mayi Nankhoma amapalira chogwada, msana utakaniratu kuwerama. Amayi amene ankaimba nawo kwaya amangowapatsa moni chapatali.